Nkhuku Ikadwala Pakhomo: Tiidziwe, Tiisamale, Tiiteteze

Mawu a mlangizi wa zaulimi pa mwambo wokumbukira kuti kopaletivi yathu yakwanitsa zaka 10, ku Kapichira

 

Zaka 10 si masewera. Magulu ambiri amayamba ndi moto, koma akangogawana ndalama zoyamba, basi nkhani yathera pomwepo. Inu mwapirira limodzi. Munali pano mu Januwale 2022 pamene namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, dziko lonse n'kuyamba kudandaula za kuzimazima kwa magetsi, pomwe inu mukudandaula za minda ndi ziweto zimene zinapita ndi madzi. Munali pano mu Malichi 2023 pamene Freddy anabwera kudzawonjezera. Koma lero tikuonanabe maso ndi maso. Dziombereni m'manja.

Komiti itandipatsa mpata woti ndiyankhule, ndinasankha nkhani ya nkhuku. Ndikudziwa kuti abambo ena ayamba kale kuseka mumtima, akuti tsiku lalikulu ngati lino alangizi akanakamba za ng'ombe, za thonje kapena za ngalande yaikulu ya mthirira imene ikuyambira pa Kapichira pompa. Zimenezo n'zofunika ndithu. Koma tandiyankhani: madzi ataphwa, chiweto choyamba kubwerera pakhomo panu chinali chiti? Mwana akathamangitsidwa kusukulu chifukwa cha yunifolomu, mumagwira chiyani? Mlendo akafika madzulo, wina akadwala n'kufunika thiransipoti yopita ku chipatala cha pa boma, ankhoswe akamakumana, mlandu ukatha kwa amfumu, chimene chimagwidwa ndi nkhuku. Ngakhale ndalama yathu yaing'ono, kuyambira 1971, dzina lake ndi tambala. Nkhuku ndi banki ya pakhomo, ndipo kawirikawiri osunga banki imeneyi ndi amayi. Tsono bankiyi ikadwala, timatani?

Chithandizo choyamba ndi maso anu

Nkhuku ili ndi khalidwe lobisa matenda. Ikaoneka yofooka zinzake zimaijompha, ndipo kabawi ndi likongwe amayambira yomweyo. Ndiye imalimbikira kuyenda ndi zinzake mpaka mphamvu zitatheratu. Mukadzaiona yaima payokha, maso ali tsinzinu, dziwani kuti matenda anayamba masiku apitawo.

N'chifukwa chake ndimati mankhwala oyamba a nkhuku ndi kuidziwa. M'mawa mukamatsekula khola, musamangotsekula n'kutembenuka. Imani pang'ono, ziwazireni gaga kapena mapira dzanja limodzi, muone. Ndi iti yatuluka pomaliza? Ndi iti ikungojompha koma osameza? Chitosi cha usiku chikuoneka bwanji? Madzulo chimodzimodzi: ziitaneni ndi kaitanidwe kamodzimodzi, pa malo amodzimodzi, muziwerenge zikamalowa. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri zimazolowera mawu anu, zimabwera zokha zikuthamanga. Nkhuku si yopusa monga timainenera. Imazindikira amene amaidyetsa. Ndipo mwaonapo kuti tambala akaona kabawi m'mwamba amalira mwina, akaona galu kapena njoka pansi amalira mwinanso, ndipo zinzake zimadziwa kothawira.

Ena amati kukonda nkhuku ndi zachizungu. Ayi. Agogo athu ankadziwa thadzi lililonse ndi mtundu wake ndi khalidwe lake: ili limaswa bwino, ili limataya anapiye, ili limaikira kutchire. Ankapatsa mdzukulu msoti n'kumuuza kuti uyu ndi wako, umusamale. Kuzolowerana kumeneku kuli ndi phindu lake. Nkhuku yozolowera munthu imagwidwa mosavuta pa tsiku la katemera. Nkhuku yogona mumtengo, imene imathawa ikangoona mwini wake, ndiyo imatsala osalandira katemera, ndipo ndiyo imadzabweretsa maliro m'khola.

Kamodzi pa sabata, usiku zikalowa, gwirani imodziimodzi mofatsa. Ikani dzanja pansi pa chifuwa, lina pamwamba pa mapiko. Musaizondotse poigwira miyendo, makamaka yodwala, chifukwa imavutika kupuma. Papasani fupa la pachifuwa: likakhala lakuthwa ngati mpeni, nkhukuyo yawonda ngakhale nthenga zikuibisa. Tsekulani nthenga pansi pa mapiko ndi kumchira muone nsabwe. Papasani chithokomiro: madzulo chizikhala chodzaza, m'mawa chizikhala chopanda kanthu. Zonsezi sizifuna ndalama.

Chipatala cha pakhomo

Mukapeza yodwala, chinthu choyamba ndi kuipatula tsiku lomwelo. Tengani chitete kapena dengu lalikulu, muike pamthunzi podutsa mphepo, kutali ndi khola, pansi muyale udzu wouma kapena mankhusu. Ngati ndi mwanapiye kapena ndi nyengo ya Juni, pakhale pofunda. Chodyera ndi chomwera chikhale chakechake. Muziyamba kusamala zamoyo bwino, yodwalayo pomaliza, kenaka kusamba m'manja ndi sopo. Ntchito imeneyi musatume ana aang'ono.

Chachiwiri ndi madzi. Nkhuku yodwala imatha msanga ndi ludzu kuposa njala. Mu lita imodzi ya madzi oyera sungunulani shuga pang'ono ndi kamchere kotsina ndi zala. Ngati siikumwa yokha, viikani nsonga ya mlomo wake m'madzimo, kapena dontheza dontho limodzilimodzi m'mbali mwa mlomo, muilole imeze yokha. Musaikanule kukamwa n'kuthira madzi ngati mukuthira mu botolo. Njira ya mpweya ili kumbuyo kwa lilime, ndipo madzi akalowa mmenemo mwaipha ndinu, osati matenda.

Chachitatu ndi chakudya chofewa. Phala la gaga lozizira, dzira lophika lophwanyaphwanya, chiswe, zinyenyeswa za usipa kapena matemba, masamba a sangowa osinja, amene ena amati chammwamba. Pang'onopang'ono, kangapo pa tsiku. Ndipo ikhale pamalo oti muziidutsa pafupipafupi. Nkhuku imene inakuzolowerani imadya m'dzanja lanu ngakhale ikudwala, pomwe yamantha imangonjenjemera pakona.

Matenda amene mungathane nawo nokha

Si nkhuku iliyonse yogwa mapiko imene ili ndi chitopa. Kuno ku chigwa, mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kumapitirira madigiri 40. Thupi la nkhuku limakhala kale pa madigiri pafupifupi 41, ndipo nkhuku situluka thukuta. Ikatenthedwa imayasama, imapuma wefuwefu, imatambasula mapiko. Ipititseni pamthunzi wa nimu, inyowetseni miyendo, ipatseni madzi ozizira a mumtsuko. Masana mazira ndi anapiye ambiri amatayika chifukwa cha madzi basi. Ikani zomwera m'malo awiri kapena atatu, ndipo m'chomwera cha anapiye muikemo timiyala kuti asamire.

Utitiri, uja umakakamira kuzungulira maso ndi pa kanyama kofiira ka pamutu, umayamwa magazi mpaka mwanapiye kufa. Pakani Vaseline mokwanira pamene wakakamirapo, ubanika n'kufa. Bwerezani pakatha masiku ochepa. Miyendo yokakala ngati khungwa la mtengo nayonso imafuna mafuta omwewo, chifukwa muli tizilombo tobisala pansi pa mamba. Sesani m'khola kawirikawiri, wazani phulusa, tenthani udzu wakale wa m'zisa, ndipo siyani malo a mchenga wosakaniza ndi phulusa kuti zizisambamo. Koma chonde, ife alimi a thonje, mankhwala opopera thonje asayandikire nkhuku. Parafini asapite m'maso. Mbewu yopaka mankhwala yotsala pobzala musaiwazire nkhuku.

Chikwirikwiti, tizilonda touma tija ta kumaso ndi pamutu, chimafala kwambiri ndi udzudzu, ndiye kuno kufupi ndi Shire sichisowa. Mankhwala ochiza palibe, koma nkhuku zambiri zimachira zokha pakatha masabata awiri mpaka anayi ngati zikudya ndi kumwa. Vuto limabwera zilonda zikatseka maso, nkhuku n'kulephera kuona chakudya. Apa m'pamene chisamaliro chanu chimapulumutsa moyo: tsukani maso ndi madzi ofunda a mchere pang'ono, pakani ayodini pa zilonda koma osati m'diso, muidyetse pamanja. Mayi wina wa m'gulu lathu lino anadyetsa motero anapiye ake kwa masiku angapo, anthu akumuseka kuti akulera makanda. Ambiri mwa anapiyewo anakula, ndipo ena mwa oseka aja anakagula misoti kwa iye.

Bala la galu kapena la kabawi litsukeni ndi madzi a mchere, pakani jivi, ipatuleni kufikira litauma, poti nkhuku zikaona magazi zimajompha. Chitosi cha magazi mwa anapiye, makamaka nthawi ya dzinja pansi pakanyowa, komanso njoka za m'mimba, zili ndi mankhwala ake enieni ku sitolo za mankhwala a ziweto. Bwerani tikambirane muyezo wake musanagule.

Ndinenepo za makapisozi a anthu. Ndikudziwa kuti m'nyumba zambiri, nkhuku ikangoyetsemula, kapisozi wotsala wa munthu amatsekulidwa n'kuthira m'madzi. Tisiye zimenezo. Mankhwala amenewa sapha tizilombo ta chitopa kapena ta chikwirikwiti. Chimene amachita, akamaperekedwa mwachisawawa, ndi kuzoloweza tizilombo tina, kotero kuti tsiku limene mwana wanu adzawafune kuchipatala sadzagwiranso ntchito. Ngakhale mankhwala a ziweto enieni ali ndi masiku amene alembedwa pa paketi oti mudikire musanadye nyama kapena mazira. Werengani, kapena funsani.

Chitopa

Tsopano tifike pa mdani wamkulu, chitopa, chimene ena amati chideru. Dzina lake la m'mabuku ndi Newcastle, potengera mzinda wa ku England kumene matendawa anadziwika mu 1926, chaka chomwe anaonekanso pa chilumba cha Java ku Indonesia. Zizindikiro mukuzidziwa: nkhuku yagwetsa mapiko ngati yavala jekete, ikuwodzera, chitosi chobiriwira chamadzimadzi, ikupuma movutikira, ina khosi lapindika, ina ikuyenda mozungulira. Zimafa motsatizana, lero ziwiri, mawa zisanu, pakutha pa sabata khola lili mbee. Kawirikawiri chimabuka nyengo yotentha mvula isanayambe, ndiye anthu amati chimabwera ndi mphepo. Zoona zake n'zakuti chimayenda ndi ife. Chimayenda ndi nkhuku yogula pamsika, ndi nkhuku ya mphatso, ndi nyama ya nkhuku yakufa imene mwapatsa anansi, ndi nthenga ndi matumbo zimene galu wakoka, ndi nsapato ndi matayala a njinga ya wogula nkhuku.

Nkhuku ikhoza kutenga chitopa n'kukhala masiku asanu kapena kuposerapo ikuoneka yabwinobwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Choncho nkhuku iliyonse yachilendo, kaya mwagula ku Dyeratu, ku Nchalo kapena pa boma, kaya akupatsani apongozi, ikhale payokha masabata awiri isanasakanizidwe ndi zanu. Apongozi sakwiya, mukawafotokozera bwino.

Ndinene mosabisa: chitopa chilibe mankhwala. Tsabola, nimu, alovera ndi zina zimene timathira m'madzi sindikuzinyoza, makolo anayesetsa ndi zimene anali nazo. Koma chitopa sizichiza. Nkhuku imodzi kapena ziwiri zikapulumuka, zapulumuka ndi mphamvu ya thupi lake ndi chisamaliro, osati ndi tsabola. Chimene chimagwira ntchito ndi katemera, ndipo amaperekedwa matenda asanafike.

Katemera woyenera nkhuku zathu za m'mudzi ndi uja wotchedwa I-2. Anayambira ku yunivesite ya Queensland ku Australia, ndipo kuno kwathu amapangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe. Ubwino wake ndi woti amapirira kutentha kusiyana ndi akatemera ena, komabe si kuti aziikidwa padzuwa kapena m'thumba la malaya tsiku lonse, makamaka kuno kwathu. Wotemera amunyamule atakulunga m'kansalu konyowa, m'kadengu kopita mphepo, ndipo atemere m'mawa, pamthunzi. Dontho limodzi m'diso limodzi, basi. Muyezo ndi womwewo kwa tambala wamkulu ndi kwa mwanapiye woswedwa dzulo. Nyama ndi mazira mukhoza kudya tsiku lomwelo.

Pali mfundo zitatu zimene zimasokoneza anthu. Yoyamba, katemera si mankhwala. Yodwala kale musaitemere. Yachiwiri, chitetezo chimatenga pafupifupi masabata awiri kuti chikhwime. Mukathamangira katemera chitopa chitalowa kale kwa aneba, nkhuku zikhoza kufabe, kenaka m'mudzi monse mbiri n'kumveka yoti katemera wapha nkhuku. Sanaphe ndi katemera, tinachedwa. Yachitatu, chitetezo chimatha. Timabwereza pakatha miyezi inayi iliyonse, katatu pa chaka. Kalendala yosavuta kukumbukira ndi Malichi, Julayi ndi Novembala. Wa Julayi ndiye musamuphonye, chifukwa ndi amene amaziteteza polowa m'nyengo yotentha. Nkhanga zinapangana kusanapse. Ndipo pa nkhani ya ndalama, tambala mmodzi mukagulitsa amalipirira katemera wa khola lanu chaka chonse, chenji n'kutsala.

Kumbukiraninso kuti katemerayu ndi wa chitopa chokha. Sateteza ku chikwirikwiti, ku utitiri kapena kwa kabawi. Anapiye ambiri amatha m'masabata oyambirira chifukwa cha njala, ludzu ndi zilombo. Thadzi lafungatira masiku 21, laswa anapiye 10, koma okula ndi awiri kapena atatu. Asungeni pansi pa chitete chachikulu ndi make kwa masabata oyambawo, muwapatse chakudya chawo ndi madzi, muone kusiyana kwake.

Pamene chikondi chimafuna mtima wolimba

Tsono pali mbali yovuta. Chitopa chikalowa, mtima umati gwira zotsalazi uthamange nazo kumsika, upezeko kangachepe. Ndikumvetsa, chifukwa ndi chuma chanu chikupita mukuona. Koma amene agule nkhuku imeneyo ndi mayi ngati inu, amenenso akudalira khola lake. Mukamugulitsa yodwala mwamugulitsa maliro a nkhuku zake zonse, ndipo matendawo adzazungulira n'kubwereranso kwanu. Mamembala a kopaletivi tisachitirane zotere, ndipo tisachitire aliyense.

Nkhuku yofa ndi matenda ikwirireni m'dzenje lakuya loti galu sangafukule, pamodzi ndi nthenga zake, kapena itentheni. Musaitaye mu Shire kapena m'ngalande. Ndiwo zikasowa zimawawa, koma yofa yokha musadye. Nkhuku imene ikuvutika kwambiri, siikudya, siikuima, khosi lapindikiratu, kuipha msanga ndi mpeni wakuthwa n'kuikwirira ndi chifundo kuposa kuisiya izunzike masiku atatu. Ngati inali ya mwana, musamunamize kuti yasowa. Muuzeni zoona, mulole alire, mukwirire naye limodzi, ndipo khola likayera mudzam'patse msoti wina. Mwana wotero amakula akudziwa kusamala chiweto. Khola limene mwafera nkhuku lisesedwe, zinyalala zitenthedwe, lithiridwe phulusa kapena laimu, ndipo papite mwezi musanaikemo zatsopano.

Nkhuku zikamafa zambiri mwadzidzidzi, makamaka ngati abakha, nkhanga kapena mbalame za kumtsinje zikufanso, musazigwire ndi manja, ndipo tiuzeni ife alangizi kapena a zaziweto tsiku lomwelo. Pali matenda ena otchedwa chimfine cha mbalame amene amafanana ndi chitopa koma akhoza kugwiranso munthu. Mu 2023 ku South Africa anapha nkhuku mamiliyoni chifukwa cha matenda amenewa. Ndi maso okha sitingasiyanitse, mpaka akayeze. Musachite manyazi kunena. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Kukonda nkhuku sikutanthauzanso kugona nazo m'nyumba. Ndikudziwa chifukwa chake: akuba, afisi, ndi madzi osefukira. Koma chitosi m'nyumba momwe mwana akukwawa chimabweretsa kutsekula m'mimba. Timange makola okwera m'mwamba, a mitengo yolimba, pafupi ndi nyumba, pamalo okwera. Chitosi chimagwera pansi n'kukhala manyowa a kudimba, mphepo imadutsa nthawi yotentha, ndipo madzi akabwera usiku nkhuku zimakhala ndi mwayi.

Pempho langa kwa kopaletivi

Nkhuku za m'mudzi sizidziwa malire. Zanu zimadya pa dzala la aneba, za aneba zimamwa pa mjigo limodzi ndi zanu. Mutu umodzi susenza denga, ndiye ndikupempha zinthu zinayi kuti komiti ikazikambirane pa msonkhano ukubwerawu.

Choyamba, tisankhe otemera m'mudzi uliwonse, amayi akhalepo ambiri, ife tidzawaphunzitse. Chachiwiri, kopaletivi ikhale ndi kathumba ka katemera, koti tizigula pamodzi nthawi isanakwane, wotemera azilandira kangachepe pa nkhuku iliyonse kuti ntchito isafe. Chachitatu, tsiku la katemera likhale limodzi mudzi wonse, lilengezedwe kudzera kwa amfumu, kutchalitchi ndi kumzikiti, aliyense asatsekule khola m'mawa umenewo, ndipo anansi amene si mamembala tiwaitanenso. Chachinayi, tikhale ndi kope lolembamo: khomo ili nkhuku zingati, zatemeredwa zingati, zafa zingati, zagulitsidwa zingati. Pakutha pa chaka manambala adzayankhula okha, ndipo amene akukayika lero adzaona ndi maso awo.

Kwa inu amene mukufuna nkhuku za Mikolongwe kapena mitundu ina yokula msanga, maganizowo ndi abwino. Koma yambani mwateteza zimene muli nazo. Nkhuku yamakono imafa ndi chitopa chimodzimodzi, ndipo imafa ndi ndalama zanu zambiri.

Amayi ndi abambo, madzulo ano mukafika kunyumba, tengani gaga dzanja limodzi, itanani nkhuku zanu, muziwerenge, mugwire imodzi muipapase pachifuwa. Mukapeza chokudabwitsani, mukudziwa kondipeza, ndipo njinga yanga imafika paliponse.

 Kopaletivi yathu ipite patsogolo, ndipo tidzakumanenso pa zaka 20 makola ali odzaza.